Chaka Chatsopano cha ku China m'kalasi la Sitandade 2: ana apange chiyani ndi manja awo?

Mphunzitsi wa ku Lilongwe analemba:

Aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina yomwe si ya boma kuno ku Lilongwe, ndipo m'kalasi mwanga muli ana 34 a zaka zoyambira 6 mpaka 8. Mwa anawa muli kamtsikana kamodzi ka ku China, komwe makolo ake amachita malonda mumzinda muno. Titatsegulira teremu ino ndinafunsa ana kuti aliyense afotokoze zimene anachita pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere. Itafika nthawi ya mwanayu, anaimirira n'kunena motsitsa mawu kuti kwawo chaka chatsopano sichinafike, chidzafika mwezi wamawa. Kalasi lonse linafa nalo phwete, ndipo iye anakhala pansi n'kuzyolika mpaka belu la buleki linalira. Zimenezi zakhala zikundidya mumtima, chifukwa mwanayo ananena zoona ndipo ine ndinalibe mawu okwanira omuikira kumbuyo.

Ndagwirizana ndi ahedi kuti maphunziro a Expressive Arts a masabata awiri tiwagwiritse ntchito pa chikondwerero chimenechi, chomwe ndamva kuti chaka chino cha 2026 chidzakhala Lachiwiri pa 17 Febuluwale. Ndaona zithunzi zambiri pa intaneti za nyali zamapepala ndi zinjoka zokongola, koma zambiri zimafuna zipangizo zomwe ife tilibe, ndiponso sizinena chifukwa chake zinthuzo zimapangidwa. Ine sindikufuna kuti ana angodula mapepala ofiira n'kupita kwawo osadziwa chimene apanga. Ndikupempha amene mukudziwa mwambowu mundiuze zimene ana a msinkhu umenewu angathe kupanga okha, tanthauzo la zinthuzo, komanso zimene ndiyenera kupewa kuti ndisakhumudwitse banja la mwanayu kapena makolo a ana enawo. Masizasi tili nawo 8 okha, ndipo ino ndi nyengo ya mvula yomwe guluu sachedwa kutigwiritsa mwala.

Amene anaphunzira ku China anayankha:

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa tanthauzo musanafunse za sizasi. Ine ndinakhala zaka zinayi m'chigawo cha Zhejiang ndikuchita maphunziro, ndipo kawiri konse mnzanga wa m'kalasi ananditengera kumudzi kwawo kukadya nawo chikondwererochi, chomwe eni ake amachitcha Chunjie, kutanthauza chikondwerero cha nyengo ya kuphukira kwa zomera, popeza kumeneko chimabwera chisanu chikamapita kumapeto.

Yambani ndi nkhani ya tsikulo, imene anawo anaseka. Kalendala yachikhalidwe ya ku China imawerenga miyezi potsatira mwezi wakumwamba, ndipo mwezi uliwonse umayamba tsiku limene mwezi wakumwambawo uli mumdima. Miyezi 12 yotere imakwana masiku pafupifupi 354, choncho pakapita zaka ziwiri kapena zitatu amawonjezerapo mwezi wina kuti kalendala isasiyane ndi nyengo. N'chifukwa chake tsikuli limasuntha chaka ndi chaka, koma silituluka pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale: mu 2024 linali pa 10 Febuluwale, mu 2025 pa 29 Januwale, ndipo chaka chino ndi pa 17 Febuluwale monga mwanenera. Chikondwerero chimatha pa tsiku la 15, mwezi ukakhala wathunthu, ndi usiku wa nyali. Chaka chino tsiku limenelo likugwa pa 3 Malichi, lomwe kwathu kuno ndi tchuthi chokumbukira amene anafera dziko lino, choncho nyali zanu muzipachike tsikulo lisanafike. Ntchito yoyamba ya ana ingakhale yosafuna ndalama ngakhale tambala imodzi: madzulo alionse amene mitambo yalola, aziyang'ana kumwamba, m'mawa mwake n'kujambula mwezi monga anauonera pa kapepala kamodzi kataliatali. Pofika kumapeto adzaona okha kuti mnzawo uja ankawerenga masiku ndi mwezi, monga mmene ankachitira agogo athu.

Za mtundu wofiira pali nthano imene ana ambiri a ku China amaidziwa. Amati kunali chilombo chotchedwa Nian, chomwe chinkatuluka usiku womaliza wa chaka n'kumagwira ziweto ndi anthu, mpaka anthu anazindikira kuti chimaopa zinthu zitatu, zomwe ndi mtundu wofiira, moto ndi phokoso. Kuchokera pamenepo anayamba kumata mapepala ofiira pa zitseko, kuyatsa nyali ndi kuphulitsa makombola. Mawu akuti nian ndi omwenso amatanthauza chaka, ndipo kukondwerera chaka chatsopano amakutcha guo nian, ngati kunena kuti tadutsa Nian. Mwana akamva nthanoyi asanagwire pepala lofiira, amalimata pa chitseko akudziwa ntchito yake.

Chimene ndinachikonda kwambiri ndi luso lodula mapepala, lotchedwa jianzhi, lomwe bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2009. Chikondwerero chenichenicho chinalowa pa mndandanda womwewo mu Disembala 2024. Agogo ake aakazi a mnzanga uja ankakhala pafupi ndi zenera, pepala lofiira atalipinda kanayi, kasizasi kakang'ono kali m'dzanja, ndipo chimene chinkazungulira ndi pepalalo pomwe sizasiyo inkangotseguka ndi kutseka pamalo amodzi. Akamaliza ankalifunyulula pang'onopang'ono, ndipo pankatuluka nsomba ziwiri zoyang'anizana. Nsomba imabwera kawirikawiri chifukwa dzina lake m'Chitchaina, yu, limamveka ngati mawu otanthauza zotsala, ndiye kuti banja likufunirana chaka chimene chakudya chidzakwane mpaka kutsalako. Mwana wa kuno amene amamva makolo ake akudandaula za nkhokwe m'mwezi wa Febuluwale sangavutike kumvetsa chikhumbo chimenecho. Ana anu apinde pepala pakati kamodzi kokha, ajambule theka la nsomba kumbali ya mpindiro, adule, atsegule.

Palinso chilembo cha fu, cholembedwa chonchi 福, chomwe chimatanthauza madalitso kapena mwayi. Amachilemba pa pepala lofiira la mbali zinayi zofanana loimikidwa ndi ngodya, ndipo mabanja ambiri amachimata chozondoka. Nditachiona koyamba ndinafunsa ngati wina analakwitsa, ndipo anandifotokozera kuti mawu akuti dao, kuzondoka, amamveka chimodzimodzi ndi mawu akuti dao, kufika, kotero kuti munthu akanena kuti fu wazondoka wanenanso kuti madalitso afika. Chilembochi chili ndi mizere 13, ndipo n'chovuta kwa mwana wa zaka 6, koma mungachilembe inuyo chachikulu ndi pensulo, iwo n'kudutsamo ndi penti yakuda kapena yachikasu. Chilembo cha kavalo, 马, chili ndi mizere itatu yokha m'kalembedwe ka masiku ano, ndipo chino ndi chaka cha kavalo, popeza ku China chaka chilichonse chimatchedwa ndi dzina la imodzi mwa nyama 12.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito wa ku Zomba anayankha:

Mwana wanga, ine za ku China sindinazionepo ndi maso, koma ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa zaka zambiri, nthawi zina ana opitirira 100 pansi pa mtengo, choncho ndilankhulapo za manja ndi zipangizo.

Masizasi 8 ndi okwanira ngati simuwapatsa ana onse ntchito imodzi pa nthawi imodzi. Agaweni m'magulu anayi, gulu lina lizidula, lina lizipaka mtundu, lina lizimata, lina lizijambula, ndipo pakapita mphindi khumi azisinthana. Gulu la masizasi likhale pafupi ndi inu, ndipo mwana asayende ndi sizasi m'manja.

Nyali ya pepala ndi yosavuta ndipo ana amainyadira. Tengani pepala, dulaniko kachingwe kamodzi m'mbali kodzakhala chogwirira, kenako lipindeni pakati m'litali mwake. Mwana adule mizere kuyambira pa mpindiro kupita kumphepete, koma alekeze patatsala mpata wa zala ziwiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mwana akasangalala ndi kulira kwa sizasi amadula mpaka kumapeto, pepala n'kusanduka zidutswa, iye n'kuyamba kulira. Kuti zimenezi zisachitike, lembani mzere wochindikala ndi pensulo pamene ayenera kuima, ndipo muwauze kuti umenewo ndi mtsinje wodzaza, sizasi siwoloka. Akamaliza atsegule pepalalo, alizungulize kuti mbali zifupizifupi zikumane, amate, ndipo akalikanikiza pang'ono pamwamba mimba ya nyali imatukuka. M'kati mulowetse pepala lachikasu lokulunga kuti lizioneka ngati kuwala. Kandulo ayi, ngakhale ana atachonderera chotani, ndipo muwauzenso kuti akafika nazo kunyumba asakaikemo koloboyi.

Ngati mapepala ofiira akuchepa, sonkhanitsani mapepala akale a mu ofesi olembedwa mbali imodzi, ana awapake okha. Maluwa a chidede owiritsa m'madzi ochepa amatulutsa mtundu wofiirira, dothi la katondo losefa bwino losakaniza ndi phala pang'ono limagwira pa katoni, ndipo chikasu chimapereka mtundu wa golide. Mitundu imeneyi siwala ngati penti ya m'sitolo, koma mwana amene wapanga yekha utoto wake saiwala. Pakani lero, mudule mawa, chifukwa pepala lonyowa limang'ambika. Za guluu, phikani phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, mulitakase mpaka liyambe kuoneka ngati galasi, lizizire, ndipo muzipaka ndi kamtengo pang'ono pokha. M'nyengo ino zomata zisagone pansi pa simenti. Mangani chingwe kuchokera pa zenera kufika pa zenera lina, muzipanepo ndi mapegi.

Kavalo wa chaka chinoyo apangeni ndi mapesi a chimanga ngati alipo otsala, kapena ndi dongo, lomwe pano lili paliponse. Ana athu amaumba ng'ombe zadongo asanayambe n'komwe sukulu, ndiye muwaonetse chithunzi cha kavalo, muwafunse kuti asinthe chiyani pa ng'ombe yawo kuti isanduke kavalo. Mudzamva okha akuti nyanga zichoke, linunda lichoke, khosi litalike, mchira ukhale wa luzi.

Kholo la ana atatu linayankha:

Aphunzitsi, ndikuyamika mtima wanu pa mwana wa mlendoyo, ndipo sindikutsutsa kuti ana adziwe za anzawo. Komabe ndikhale woona mtima monga kholo komanso mkulu wa mpingo. Mwana wanga atabwera kunyumba atanyamula chinjoka chofiira chimene wapanga kusukulu, mayi ake angadzidzimuke, chifukwa ife mawu akuti chinjoka timawadziwira m'buku la Chivumbulutso chaputala 12, ndipo kumeneko si chinthu chosewera nacho. Ndamvanso kuti nyama 12 za zaka za ku China amazigwiritsa ntchito pouza munthu khalidwe lake ndi tsogolo lake malinga ndi chaka chimene anabadwa. Zimenezo m'nyumba mwanga sitichita, ndipo sindingakonde kuti mwana wa zaka 7 auzidwe kusukulu kuti iye ndi nkhumba kapena khoswe, anzake n'kumamunena nazo chaka chonse. Pempho langa n'lakuti mulembe kakalata kwa makolo musanayambe, kofotokoza zimene ana adzapange ndi zimene simudzachita, kuti munthu asadzamve nkhaniyi kuchokera pakamwa pa mwana, itapotoka kale.

Amene anaphunzira ku China anayankhanso:

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo za kalatayo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Ndingowonjezera kuti cholengedwa chimene anthu a ku China amachitcha long anachipatsa dzina la chinjoka ndi omasulira, koma m'maganizo a eni ake si chizindikiro cha woipayo. Amachijambula ndi thupi la njoka, mamba a nsomba, nyanga za mbawala ndi zikhadabo za chiwombankhanga, ndipo amachigwirizanitsa ndi mitsinje, mitambo ndi mvula. Kale chinalinso chizindikiro cha mfumu yaikulu ya dzikolo. Ifenso tili ndi nkhani za njoka ndi madzi, monga Napolo amene anthu a ku Zomba ndi ku Mulanje amamutchula phiri likagumuka, ngakhale kuti Napolo amakumbukiridwa ndi chiwonongeko pomwe long amayembekezeredwa kubweretsa mvula yabwino. Ngakhale zili choncho, chaka cha chinjoka chinali 2024 ndipo chidzabweranso mu 2036, choncho aphunzitsi alibe chifukwa choyambira pa chinthu chimene chingagawanitse makolo pamene nyali, nsomba ndi kavalo zilipo.

Za kulosera, n'zoona kuti alipo amene amakhulupirira zimenezo, monganso alipo ambiri amene nyamazo amangozitenga ngati njira yowerengera zaka. Kufukiza lubani ndi kupereka chakudya kwa makolo akale, zomwe mabanja ena amachita pa nthawiyi, ndi za pakhomo pa eni ake ndipo m'kalasi zisalowe. Chimene chingalowe ndi nthano ya mpikisano wowoloka mtsinje, yomwe ingayambe bwinobwino ndi padangokhala, ana n'kuvomera kuti tilitonse. Mfumu ya kumwamba inaitana nyama kuti zoyamba 12 kuwoloka zidzapatsidwe zaka. Khoswe anakwera pamsana pa ng'ombe, ndipo atayandikira gombe anadumpha n'kukhala woyamba, ng'ombe yachiwiri, kenako kambuku wa mizeremizere wa ku Asia, kalulu ndi chinjoka. Njoka inabisala pa chiboda cha kavalo, ndipo itatulukira mwadzidzidzi kavalo anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, motero njoka inakhala ya nambala 6, kavalo ya nambala 7. Mbuzi, nyani ndi tambala anathandizana kupalasa phaka limodzi, galu anachedwa ndi kusewera m'madzi, ndipo nkhumba inaima panjira kudya n'kugona. Mphaka mulibemo, ndipo amati n'chifukwa cha chinyengo cha khoswe, ndiye chake mpaka lero sapatsana moni. Ana ajambule mtsinje pa katoni yaitali, aliyense asankhe yekha nyama imene akufuna kuumba, osati ya chaka chake chobadwa.

Wothandizira aphunzitsi wa ku Manchester anayankha:

Ndimagwira ntchito m'kalasi la ana a zaka 5 ndi 6 kuno ku England, kumene sukulu zambiri zimachita zimenezi chaka chilichonse, ndipo mumzinda uno mumakhala chionetsero chachikulu chopita ku Chinatown, dera la masitolo ndi malo odyera a anthu a ku China. Ndinenepo za zolakwika zimene ndaziona ndi maso, chifukwa zimapweteka mwana yemwe mukufuna kumusangalatsayo.

Pa sukulu ina imene ndinagwirako kale, ana anapangitsidwa zipewa zosongoka zamapepala ndipo anauzidwa kuti alembe mizere iliyonse yokhotakhota kuti izioneka ngati Chitchaina. Pa nthawi yoweruka ena anayamba kukoka zikope zawo ndi zala n'kumatulutsa mawu opanda tanthauzo, ndipo kamnyamata ka ku Hong Kong kamene kanali m'kalasimo kanakana kubwera kusukulu tsiku lotsatira. Ife amene tinatumiza ana athu m'sukulu za kuno tikudziwa mmene zimawawira mwana akafunsidwa ngati kwawo amagona ndi mikango. Choncho zilembo zikhale zenizeni ngakhale zitakhala zitatu zokha. Manambala 1, 2 ndi 3 m'Chitchaina ndi mzere umodzi, mizere iwiri ndi mizere itatu yopingasa, ndipo ana amasangalala kuona kuti atha kuwerenga chinenero china tsiku limodzi. Moni wake ndi xin nian kuai le, ndipo amene angawaphunzitse katchulidwe koyenera ndi mnzawoyo, ngati iye mwini wafuna. Musamuimike kutsogolo mokakamiza kuti ayankhe mafunso onse a dziko la anthu opitirira 1.4 biliyoni, mufunseni pambali kaye.

Timaenvelopu tofiira, totchedwa hongbao, n'tosavuta kupinda, ndipo akuluakulu amaikamo ndalama popatsa ana. M'kalasi ndalama zenizeni zisalowemo, chifukwa zimaonetsa msanga amene kwawo kuli bwino ndi amene kulibe. Ife timauza mwana aliyense kuti ajambule kapena alembe mawu abwino ofunira mnzake amene wamutola pa maere. Mukafuna kuikamo timiyala kapena nyemba zowerengera, pewani 4, chifukwa dzina la nambalayi limamveka ngati mawu a imfa, pomwe 8 amaikonda. Pepala loyera lokhalokha lisakhale chokongoletsera, popeza kumeneko ndi mtundu wa maliro. Muwauzenso ana kuti tsiku limeneli si la ku China kokha: ku Vietnam amalitcha Tet ndipo m'malo mwa kalulu ali ndi mphaka, pomwe ku Korea amalitcha Seollal.

Chomaliza, pa usiku wa nyali anthu amapachika timapepala ta ndagi pansi pa nyali, wodutsa n'kumayesa kumasulira. Ndikanakhala inu, ndikanauza ana kuti akafunse agogo awo ndagi imodzi ya Chichewa, ailembe pa kapepala, aimangirire ku nyali yawo, ndipo tsiku lomaliza wina azifuula kuti ndagi, kalasi n'kuyankha kuti gize.

Mphunzitsi wa ku Lilongwe analembanso:

Ndathokoza nonse, makamaka amayi a ku Zomba, chifukwa phala la chinangwa ndaliyesa dzulo ndipo lagwira pepala kuposa guluu amene tinali naye. Kalata ya makolo ahedi asayina, ndipo tanenamo momveka kuti chinjoka, kulosera ndi zachipembedzo sizidzakhalapo. Bambo, ndaikamonso pempho lakuti kholo lililonse litumize ndagi imodzi.

Lachisanu ndinalimba mtima n'kudikira mayi ake a mwana uja pa geti. Poyamba ankaganiza kuti mwana walakwa, koma nditawaonetsa nyali yoyesera imene ndinapanga anaigwira ndi manja awiri, n'kukhala kanthawi osalankhula. Anandiuza kuti kwawo ndi ku Fujian, kuti kumeneko chakudya cha tsikuli chimene mwana wawo amachikonda ndi keke yomata ya ufa wa mpunga yotchedwa niangao, ndipo anandichenjeza kuti polemba mayina a ana pa nyali zawo ndisagwiritse ntchito cholembera chofiira, chifukwa dzina la munthu wamoyo salilemba ndi inki yofiira. Ine ndinali nditakonzeratu bolopeni yanga yochongera kuti ndilembere mayinawo. Alonjeza kuti abweretsa mapepala ofiira ndipo adzabwera okha Lachiwiri pa 17 kudzalemba fu pa bolodi ana akuona.

Mwanayo wavomera kuphunzitsa anzake moni, koma wapempha kuti ayambe ndi gulu lake la ana 8, osati kalasi lonse. Lero tayamba kujambula mtsinje pa katoni ya firiji imene mlonda wathu anatipezera, ndipo ana asanu akulimbirana kuumba kalulu pomwe nkhumba palibe amene waifuna. Amayi a ku Zomba, kodi dongo louma nyengo ino lingafune masiku angati tisanalipake katondo?